Kamtengo ka Pokhotera

Torleiv ananyamuka mochedwa pa kanyumba ka alendo ka pamwamba pa phiri, ndipo mlandu wonse anaukankhira kwa mlongo wake wamkulu, Gunvor. Mayi ameneyu sakanatseka chitseko asanasese ndi kuwazira nkhuni alendo obwera pambuyo. Koma dzuwa la nyengo yozizira silidikira munthu. Torleiv, waphuma chibadwire, anamanga nsapato zake zoyendera pa chipale, zija zotambalala ngati malichero, n'kumuuza kuti akapezana kumudzi.

M'njira imeneyi anthu amazika timitengo m'chipale kuti woyenda asasochere, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti sitizulidwa. Atafika pamene njira imakhota kulambalala phompho, imodzi mwa ndodo zake zoyendera inathyoka. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuzula kamtengo ka pokhoterapo. Anadzinamiza kuti Gunvor angotsata mapazi ake.

Mphepo inayamba. Mdima unagwa. Akudutsa pa nyumba yakale ya abusa a mbuzi, yopanda chitseko, anamva wina akubwera kumbuyo. Tswa... tswa... Mtima unakhala m'malo, poganiza kuti ndi mlongo wake.

"Mwamaliza kusesa phiri lonse, achemwali?"



Anatembenuka ndi tochi. Sanali Gunvor! Anali mayi wachilendo wovala siketi yaitali yaubweya, nsapato zake zamitengo zomanga ndi zingwe, chikwama chachikopa kumsana. Nsidze zake zinali mbuu ndi chisanu. M'kamwa mwake simunkatuluka nthunzi.

"Bambo, pokhotera ndi pati?" anafunsa mayiyo motsitsa mawu. "Ndakhala ndikupafuna, sindikupaona."

Maso a mayiyo anali pa dzanja la Torleiv.

"Kamtengo kameneko mukupita nako kuti? Kumbuyoku kukubwera munthu."

Torleiv anaunika kumene anachokera. Mphepo inali itafafaniza kale mapazi ake onse. Anabweza tochi... palibe munthu! Chipale chili see, chosapondedwa.

Mantha anali nawo, inde, koma chimene chinamubweza ndi chikumbumtima. Anakwera phiri akuwefuka. Nsapato zimenezi sizithamangika. Anagwa. Anadzuka. Anagwanso. Kenako anaona kakuwala kutsogolo, katapitirira pokhotera, kakulunjika kuphompho.

Anakuwa dzina la mlongo wake mpaka mawu anasasa. Kakuwala kanayendabe... kanayendabe... kenako kanaima.

Gunvor anabwerera pang'onopang'ono. Anati pamene anaimapo tochi yake sinkaonanso pansi, kutsogolo kunali mdima wokhawokha. Anafunsa chimene chinamubweza munthu amene sanabwererepo m'mbuyo chifukwa cha wina aliyense. Torleiv anafotokoza za mayi uja, siketi yake ndi chikwama chake. Za kamtengo sananene. Anakabisa kumbuyo kwa mwendo ngati mwana wakuba shuga.



"Ameneyo ndi Aslaug, mzamba wa kumudzi kwathu," anatero Gunvor. "Ankapita kwa mayi wina amene matenda anamuyamba kuseri kwa phirili, iwe usanabadwe n'komwe. Anamupeza chipale chitasungunuka, pansi pa phompho lomweli, chikwama chikadali kumsana. Wina anali atazula kamtengo ka pokhotera. Mpaka lero sadziwika."

Gunvor anatsitsa tochi pa dzenje lopanda kanthu pamene panali kamtengo, kenako pa dzanja la mlongo wake. Sanakalipe, ndipo Torleiv akanakonda akanakalipa. Anangomulanda kamtengoko, n'kukazika pamalo pake, n'kupondaponda chipale m'mbali mwake kuti kalimbe.

"Tsogola," anatero Gunvor. "Sindikufunanso kuyenda kumbuyo kwako ndisakukuona."