Usiku umene nyundo idatonthola

Ku Ausserberg, mudzi wa m'mapiri, munthu amagona ndi khutu limodzi. Pamwamba pa mudzi, madzi a m'ngalande amazunguza kagudumu komenyetsa nyundo pathabwa. Gu, gu, gu. Nyundo ikamalira, madzi akubwera. Ikatonthola, penapake pabowoka, ndipo madziwo akhoza kugumula phiri n'kukwirira nyumba zam'munsi.

Madzulo ena a Ignaz Theler, mlonda wa ngalande, ankadya buledi ndi tchizi ali okha, pakuti akazi awo, a Philomena, adamwalira m'nyengo yachisanu. Mwadzidzidzi kunja kudangoti zii.

Lamulo la mudzi n'lomveka: mlonda asakwere yekha kukada. Koma a Ignaz adali munthu wosamva za mnzake. Adanyamula nyali.

Kumtundako ngalande ndi ya matabwa, yolendewera pathanthwe. Popondapo ndi thabwa limodzi. Kumanzere ndi phompho.

Nyali idazima. Iwo adapitirira, akupapasa thanthwe. Kumbuyo kwawo thabwa lidalira. Adaima, nalonso lidaleka. Adaponda, lidaliranso.

"Inu bambo inu," adatero mawu, "imvi mbuu, nzeru za mbuzi. Khalani pansi."

A Ignaz adawazindikira mawuwo.

"Philomena, madzi akutayika."

"Ndati khalani pansi. Kodi madziwo mudabadwa nawo?"

Adakhala. Chinthu china chidawadutsa, chidawakhudza paphewa, n'kupita kutsogolo. Thabwa silidalirenso. Patapita nthawi, kutali, nyundo idayamba. Gu, gu, gu.

M'mbandakucha amuna a m'mudzi adawapeza pompo, atauma ndi chisanu. Sitepe imodzi kutsogolo kwawo kudalibe popondapo. Mwala udathyola thabwa n'kugwera nalo kuphompho. Koma tsidya lina la mpatawo, kumene munthu sakadafika, ming'alu ya ngalande idali itamatidwa ndi ndere zaziwisi, mwaudongo, ngati chigamba cha pamalaya.

Amayi adanong'onezana kuti Philomena sadasiyepo ntchito ili theka. Wansembe adati m'makwawa mphepo imayankhula zambiri.

A Ignaz adamvetsera mwaulemu, chipewa chili m'manja.

"Mwina ndi mphepodi, bambo mfumu," adayankha. "Koma mayi uja ndidakhala naye zaka makumi anayi, osamumverapo n'kamodzi komwe. Chonde, musandilande tsiku limodzi lokhali."