Chinsalu Chimene Moven Anabwereka

Moven Kapambwe wa kukomboni ya George ndiye anandilakwira. Ndamutchula dzina dala, kuti wina asadzati ndimanenera kumbali.

Ine Fanwell sukulu ndinalekeza giredi faifi, koma kanema ndimamudziwa. Ndinkasesa m'holo ya bayisikopo m'tauni. Zinthu zitavuta, nthawi ija ya makuponi a unga wa nsima ndi mizere ya sopo, holo inatsekedwa. Potichotsa ntchito, bwana anandipatsa pulojekita yakale, mafilimu angapo a zithunzi zakuda ndi zoyera, ndi chinsalu choonetserapo, chokhuthala, cha mphete m'mbali. Loweruka lililonse ndinkachipachika pakhoma panga, anthu a m'komboni n'kudzaza bwalo. China chondipatsa ulemu ndinalibe.

Moven anabwera pakati pa sabata. "Ba Fanwell, nibwelekeniko nsalu yanu, tichinge zuba pa ukwati wa mufana wanga. Gwilani iyi, nayo ni yoyela."

Yakeyo inali yopyapyala, yosapinda m'mphepete, yochita kung'amba ndi manja. Inkanunkha dothi lonyowa, chonsecho mvula inali isanayambe. Mtima unakana. Koma pakomboni munthu wa ukwati sam'mana kanthu.

Loweruka madzulo ndinapachika nsalu ya Moven ija, mkazi wanga Eneless anakazinga nshawa, anthu anakhala pansi. Ndinaika filimu ya azungu ovina m'holo yaikulu. Imeneyo ndinailoweza. Ndimadziwa pomwe wachipewa amagwetsa ndudu, ndi pomwe filimuyo inaduka ine n'kuimata ndekha.

Gule ali mkati, ndinaona mayi kumphepete kwa nsalu. Wakuda ngati ife. Wopanda nsapato. Ovina ankamudutsa, iye osasuntha. Chithunzi chinasintha, kunabwera sitima. Iye ali pompo. Ndinapukuta galasi la makina. Ali pompo. M'mphuno mwake munali thonje.

Ba Ketty ogulitsa malasha anandikoka malaya. "Uja ni ndani?"

"Ni wa mu filimu," ndinatero, ndikudziwa kuti si wa mufilimu.

"Nanga ayanganila chani kuno?"

Pomwepo malaiti anazima, monga ankachitira masiku amenewo. Makina anaima. Sitima inapita. Mayi uja anatsala pansalupo, mbuu ngati utsi.

Palibe anakuwa. Anthu ananyamula timipando tawo n'kumachoka mmodzimmodzi, nshawa osamaliza. Nditayatsa koloboyi, nsalu inali yoyera, popanda munthu. Ndinaipinda n'kulowa nayo m'nyumba, kuti kukacha ndikam'ponyere Moven kumaso.

Tisanagone tinamva kugogoda. Osati pakati pa chitseko ayi, koma m'munsi, pafupi ndi pansi. Odi panalibe.

"Ndani?"

Kunamvekanso kugogoda kuja.

"Nati ndani?"

"Nimvela mpepo." Anali mawu a mkazi, otsekeka ngati a munthu wa chimfine.

Eneless anandigwira dzanja. "Atate ake Benard, mupaseni. Musatsegule."

Ndinalowetsa ngodya ya nsalu pampata wa kunsi kwa chitseko. Inayamba kutuluka yokha, pang'onopang'ono, mpaka yonse. Ndinatchera khutu kuti ndimve mapazi akuchoka. Sindinamve.

M'mawa pampopi nkhani inali imeneyo. Ba Ketty ananong'ona kuti nsalu yosapinda m'mphepete ndi yokulungira maliro, ndipo kuti Moven ndi anzake amayendera manda atsopano usiku, popeza bokosi ndi nsalu zinali zitakwera mtengo. Ena ankati wogogodayo anali Ida, mkazi wa Moven, atatsina mphuno. Mwina. Ameneyo n'ngochenjera ndithu. Koma Ida angalowe bwanji m'filimu yanga? Ukwati wokhawo ndinafufuza. Kunalibe.

Moven ndinam'peza akusewera nsolo pansi pa mtengo. Sanadzutse ndi mutu womwe.

"Palibe vuto, ba Fanwell. Bwelesani yanga, mutenge yanu."

"Yanu anaitenga mwine wake."

"Mwine wake ni ine," anatero, n'kupitiriza kuponya miyala m'maenje.

Ndinayesa kuonetsa pakhoma lopaka laimu. Sikunabwere munthu, ngakhale ana. Pulojekita ili pansi pa bedi, ikudyedwa ndi dzimbiri. Moven ali moyo, amadutsa pano popita kumsika, amapereka ndi moni. Chinsalu changa sanabweze.