Wodwala Nambala 38

Kwawo ankamutchula kuti Mzime, chifukwa ndiye anali womaliza mwa ana anayi. Bambo ake anali kalipentala, mayi ake mphunzitsi wa masamu. Sanali olemera, koma pakhomopo panali ulemu ndi mtendere. M'mawa uliwonse, aliyense asanatuluke, bambo ankatsegula Baibulo n'kuwerenga ndime imodzi, mayi n'kupemphera mwachidule.

Mzime anali wanzeru, ndipo nzeruzo n'zimene zinkawadetsa nkhawa mayi ake. Masamu ankawamva msanga moti ankangolemba yankho, osaonetsa njira.

"Iwe, yankholi walipeza bwanji?" mayi ankamufunsa.

"Koma ndakhoza, Amayi."

"Wakhoza lero. Tsiku limene udzalakwitse, udzadziwa bwanji pamene wapotokera? Yambiranso, ulembe zonse."

Atamaliza koleji anapeza ntchito mu ofesi ina yaing'ono ya anthu asanu ndi mmodzi, pamwamba pa sitolo ya penti. Ofesiyo inkathandiza malabotale ofufuza za matenda. Ku labotale akatenga makhololo a wodwala chifuwa chachikulu, makina awo ankawerenga chibadwa cha kachilombo n'kutulutsa zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zondondozana miyandamiyanda. Palibe munthu angaziwerenge ndi maso. Ntchito ya Mzime inali kuzilowetsa mu kompyuta, kuchotsamo zinyalala, n'kufufuza ngati kachilombo ka wodwala aliyense kakumvabe mankhwala kapena kasiya. Pamapeto ankalemba pa mzere wa wodwalayo kuti "kakumva" kapena "sikakumva", ndipo madokotala ankatsata zimenezo popereka mankhwala. Mayina a odwala sankabwera ku ofesiko. Kunkabwera manambala okha.

Atawafotokozera makolo ake, bambo anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Zilembo zonse zija tinakuphunzitsa mpaka pa Z, iwe wasankhapo zinayi zokha?"

"Musamuseke mwana," anatero mayi. Kenako anatembenukira kwa iye. "Koma Mzime, nambala iliyonse pamenepo ili ndi mayi wake amene akuidikira kunyumba. Uzigwira ndi mantha ntchito imeneyo."

Chaka choyamba anaigwiradi ndi mantha. Fayilo iliyonse ankayamba waiyesa ngati ili yabwino, ntchito yomwe inkadya maola anayi, ndipo pokayikitsa ankapayang'ana yekha pa sikirini mpaka maso kuwawa.

Desiki yoyandikana ndi yake inali ya mnzake wina amene anthu ankamutcha Chidule. Iyeyu ikamakwana thwelofu ankakhala atamaliza kale, miyendo ili pa tebulo, foni ili m'manja.

"Sisi, ukalambira pampando umenewo," anamuuza tsiku lina. "Gawo loyesa fayilolo amaliona ndani? Lidumphe. Ine chino n'chaka chachitatu, palibe anadandaulapo."

"Nanga m'fayilomo mukakhala zolakwika?"

"Zolakwikazo n'za makina a ku labu. Iwe zikukukhudza pati?"

Mzime analidumpha kamodzi. Palibe chinachitika. Analidumpha kachiwiri. Pakutha pa mwezi abwana awo, mayi wa magalasi okhuthala, anamuyamikira pamaso pa onse kuti ali ndi changu. Kuyambira pamenepo masana ake anakhala a mafilimu pa foni. Akatuluka ndi Chidule kukadya ankabwerako cha m'ma fili, atadzera pa bala ina ya kuseri kwa msika, pakamwa atatafuna chingamu.

Lamlungu lina atapita kwawo, mayi ake anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Kale unkabwera wotopa, koma unkandiyang'ana m'maso. Pano ukubwera wosalala, koma maso ali pansi. Kuntchitoko kuli bwanji?"

"Ntchito ndaizolowera, Amayi."

"Waizolowera kapena waipeputsa?"

Mzime anakwiya. "Inu za kompyuta mukuzidziwa? Si za choko izi."

 Mayi anangonyamula makapu n'kulowa kukhitchini.

Lachisanu lina kunabwera fayilo ya odwala 60. Pa 55 zotsatira zinatuluka zoonekera bwino, koma pa asanu zinali zosokonekera. Zinafunika kuyambiranso, masiku awiri athunthu. Tsiku lomwelo Chidule anali atakonza ulendo wa masiku awiri wokasangalala ndi anzake, Mzime ali m'gulumo, ndipo galimoto inali ikuimba hutala pansi pa masitepe.

"Ukuchedwa ndi chiyani?" anamufunsa, chikwama chili paphewa.

"Asanu awa akuvuta."

"Pa odwala khumi, asanu ndi anayi kachilombo kawo kamamva mankhwala. Ingolemba 'kakumva'. Ungalakwitse bwanji?"

Mzime anayamba kulemba. Atafika pa nambala 38 chala chinaima, chifukwa pa sikirini panali kadontho kofiira pamalo penipeni pamene kachilombo kosamva mankhwala kamasiyanira ndi kena. Mwina chinali chinyalala, mwina ayi. Hutala inaliranso. Anatseka chithunzicho, n'kulemba "kakumva", n'kutumiza.

Patatha milungu itatu foni ya pa desiki yake inaitana. Anali adokotala aakulu a ku labotale imene inatumiza fayilo ija, mayi wolankhula mofatsa.

"Chemwali, ndikufunsa za nambala 38. Ndili mu wodi muno. Wodwalayu thupi likungotha. Kodi munaonetsetsa?"

Kumbuyo kwa mawu a adokotalawo kunkamveka munthu akutsokomola. Chinali chifuwa chouma, chachitali, chomaliza ndi kamluzu ngati munthu akukoka mpweya pa kabowo kakang'ono.

"Ndinaonetsetsa, Adokotala," anatero Mzime. "Kawiri konse."

"Chabwino. Ndiye tipitiriza mankhwala omwewo. Zikomo."

Anaika foni pansi. Nthawi inalipo. Akanatha kuyambiranso masana omwewo. Anatsegula fayilo ija, koma Chidule anasuzumira.

"Ukautsa zimenezo utipachika tonse. Akakufunsa kuti poyamba paja unalemba zochokera kuti, uyankha chiyani? Mwina wodwalayo sakumwa mankhwala. Siya."

Anasiya.

Chifuwa chija sichinamusiye. Ankachimva dzuwa likuswa mtengo, ali pa desiki yake, ngati chikuchokera kuseri kwa kabati ya mapepala. Akacheuka ankapeza anzake onse ali zii, maso pa makompyuta. Mu minibasi munthu akangokhosomola, iye ankatsika asanafike. Filimu ankaionera mpaka kutha osadziwa kuti ikunena chiyani. Mowa ankamwa wowonjezera, koma m'malo moziziritsa mtima unkangokweza kamluzu kaja m'makutu. Tsiku lina kutchalitchi wotsogolera anati, "Tiimbe nyimbo nambala 38." Mpingo wonse unaimirira, kupatula Mzime. Anakhala chikhalire, buku lili m'manja losatsegula.

"Ukudwala?" mayi ake anamunong'oneza.

"Mutu chabe, Amayi."

Panadutsa miyezi inayi. Lachiwiri lina m'mawa, adokotala aja anakwera okha masitepe a ofesi, envulopu ili m'manja. Abwana anaitana Mzime ndi Chidule n'kutseka chitseko.

Adokotala sanakweze mawu. "Nambala 38 anali mayi wa zaka 29, wosoka zovala. Anamwalira sabata yatha. Zitandikayikitsa ndinatumiza fayilo yake kwa akatswiri ena, ndipo anaona tsiku lomwelo kuti kachilomboko sikamva mankhwala amene tinkamupatsa. Koma tinali titachedwa. Ankagona chipinda chimodzi ndi ana ake awiri. Wamng'ono, wa zaka zitatu, ali mu wodi, ndi kachilombo komweko." Anayang'ana Mzime. "Munandiuza kuti munaonetsetsa kawiri."

Abwana anatembenuza kompyuta yawo. Kompyuta imasunga mbiri ya ntchito iliyonse imene yagwira, tsiku lake ndi ola lake. Pa mizere isanu ija panalibe chilichonse.

Mzime anayang'ana Chidule.

"Ine, Bwana?" anatero Chidule, manja ali m'mwamba. "Aliyense ali ndi desiki yake muno. Ine ndinkangomva akumuyamikira za changu."

Mzime anachotsedwa ntchito ola lomwelo. Malabotale ena atamva, onse anasiya kutumiza mafayilo, ndipo pasanathe miyezi iwiri ofesiyo inatsekedwa. Anthu anayi osalakwa anakhala pakhomo. Kafukufuku wa adokotala aja, wa zaka zitatu, anaimitsidwa. Chidule anasintha nambala ya foni, osaonekanso.

Tsiku lochotsedwalo Mzime anafika kwawo masana. Anapeza bambo ake akupala thabwa, mayi atangofika kuchokera kusukulu. Anagwada pa utuchi pomwepo n'kunena zonse, akusisima. Mayi anakhala pansi, dzanja lili pakamwa. Bambo anaika chopalira pambali.

"Ndi asanu okhawo?" anafunsa.

Mzime anazengereza. "Ayi, Ababa. Alipo ena. Miyezi ya m'mbuyomu."

"Angati?"

"Sindikudziwa. Mwina kupitirira zana."

"Adokotalawo akudziwa?"

"Ayi. Ndikawauza andimangitsa."

"Mwina akumangitsadi," anatero bambo. "Koma ena mwa anthu amenewo akanali moyo, ndipo pano pomwe akumeza mapiritsi olakwika. Ukulirira pa utuchi wanga kuti utuchiwu ukawauze? Nyamuka, mwanangu. Mayi ako akuperekeza."

Anapitadi. Adokotala atamva, anamupatsa mpando pakona ya labotale, pepala ndi cholembera. Masiku atatu Mzime anakhala pamenepo akukumbukira fayilo iliyonse imene anadumpha ndi mzere uliwonse umene anangoganizira. Ogwira ntchito m'menemo ankamudutsa osamupatsa moni. Mizere inakwana 112. Itayesedwanso, isanu ndi inayi inapezeka yolakwika. Odwala asanu ndi awiri anawapeza ali moyo n'kuwasinthira mankhwala. Mmodzi anali atamwalira kale. Wina anali atasamuka, ndipo mpaka lero palibe akudziwa kumene ali, kapena anthu amene wawatsokomolera.

Tsiku lachitatu Mzime anapempha kuonana ndi mwamuna wa malemu aja. Anamupeza pa benchi kunja kwa wodi ya ana, bambo wowonda wa jekete lalikulu, atagwira kansapato ka mwana. Mzime anagwada patsogolo pake.

"Bambo, ine ndi amene ndinalemba zabodza pa pepala la akazi anu. Ndinachita ulesi. Ndikupempha mundikhululukire."

Bamboyo anayang'ana kansapato kaja.

"Mkazi wanga sanadumphepo piritsi ngakhale limodzi," anatero. "Ankasanza, koma ankamwanso. Ine ndikati mankhwalawa sakukuthandiza, tiyeni tifunse, iye ankati, 'Anthu ophunzira ayeza, tisawakayikire.' Munkachita chiyani tsiku limenelo, chemwali? Chinali chofunika kwambiri?"

Mzime anaweramitsa mutu.

"Pitani," anatero bamboyo. "Mwana wanga akadzuka sindikufuna apeze anthu akulira pano."

Mwanayo anachira patatha chaka ndi theka, koma mankhwala amphamvu amene analandira anamugonthetsa khutu limodzi. Adokotala sanamumangitse Mzime, poti anadziulula yekha, koma palibe labotale imene inamukhulupiriranso. Lero amagulitsa mu sitolo ya mabuku ndi zolembera. Mowa anasiya, kutchalitchi anabwerera, ndipo abusa anamuuza kuti Mulungu amakhululukira wolapa. Iye amakhulupirira zimenezo. Komabe masana ena, sitolo ikakhala chete, amaima chiimire pakati pa mashelefu, akumvetsera munthu amene palibe wina akumumva.

Wachinyamata iwe amene wapatsidwa ntchito yoti palibe akukuyang'anira, mvetsa izi. Ulesi ndi tchimo, ndipo suyenda wokha: umabala bodza, bodzalo n'kubala lina loliteteza. Mzime sanagwire mpeni, sanathire munthu poizoni. Anangolemba mawu amodzi pa chinthu chimene sanayeze, kuti asachedwe ku chisangalalo cha masiku awiri. Usalembe kuti waona pamene sunaone. Ukalakwitsa, ulula tsiku lomwelo, chifukwa kulapa kochedwa kungapulumutse moyo wako, koma sikudzutsa munthu amene ulesi wako wamugoneka m'manda.