Jezi Yachisanu

Dzuwa litapendeka, anyamata a timu ya basiketibo atabalalika, Nsanamira anatsala yekha m'holo ndi ndowa ndi chikolopa. Dzinali sanalitole panjira ayi. Munthuyu anali wamtali moti mvula inkayamba kunyowetsa iyeyo anzake akadayanikabe zovala. Kale ankaika mpira m'golo ngati akuika kapu pashelefu, koma tsopano mawondo ake ankalira ngati chitseko cha kuchimbudzi.

Iye ndi anzake anayi ndiwo anayambitsa timuyi, akusewera pafumbi, golo wake ali mkombero wa njinga wokhomera pamtengo. Kenaka kunabwera Bwana, munthu amene mimba yake inkalowa m'chipinda n'kupereka moni mwiniwake akadali panja. Anagula timu, anamanga holo, nabweretsa lamulo lake: katswiri akapuma, jezi yake ikwezedwe kudenga, nambalayo asadzavalenso wina. "Ulemu, akuluakulu, ulemu!" ankatero akusisita mimbayo.

Ulemuwo unali ndi mano. Atapachika jezi ya Kamphepo, mnzake wapamtima wa Nsanamira, mwezi usanathe anamupeza atauma gwa pampando, manja ali tambasu ngati akudikira mpira. Chigongono, mnzawo wina wovuta, chimodzimodzi. Ena awiriwo chimodzimodzinso. Maliro akangotha, chikho chinkabwera. Anthu ankanong'onezana kuti mpira woponyedwa molakwika umakhota wokha m'malere, ngati pali dzanja lina louwongola.

Tsiku limenelo, pamalo amene Nsanamira anali atangokolopa panagwa dontho. Tho! Lina. Tho! M'holomo munadzaza fungo la thukuta ndi mankhwala otikitira miyendo. Nsanamira anayang'ana kumwamba: majezi anayi aja anali chinyowere, akugwedera, mawindo onse ali otseka. Kenaka kumapeto kwa bwalo kunamveka du, du, du, nsapato n'kulira kwiii!

Mayi wochapa zovala za timu anatulukira pakhomo, maso ali tong'o.

"Achimwene, mwamva?"

"Ndi makoswe amenewo."

"Makoswe ovala nsapato? Inu! Anzanu aja sanagone. Bwana akuwaseweretsabe. Ndiye Loweruka akupachika yanu. Andituma ndiisite."

"Yanga? Ine ndine wokolopa chabe."

"Timu imakhala anthu angati, achimwene?"

Nsanamira anawerenga majezi a kudenga aja: anayi, kusowa imodzi. Mayiyo anasolola jezi yakale ya bamboyo m'chikwama n'kumufumbatitsa.

"Kaiwotcheni pompano. Ndipo akakuponyerani mpira, chonde musauwakhe. Wawakha walowa."

Nsanamira anakaiwotcha kuseri kwa holo, m'mgolo wa zinyalala. Utsi ukukwera, mtima unamutsina. Nanga otsala oti n'kukumbuka naye za pafumbi paja anali ndani? Kwake kunali kachipinda kamodzi ndi bedi lofikira m'mawondo. Mkazi anapita kale, akuti anatopa kulankhula ndi m'khwapa. Anyamata atsopanowa ankangomutcha madala a chikolopa, akatero n'kumuponyera masokosi onunkha. Woti amuponyere mpira panalibe.

Akanangopita kwawo, abale, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anakumbuka ndowa.

Atalowa, kuwala kofiira kwa dzuwa lolowa kunali kutagona pansi ngati magazi. Du, du, du. Kenaka likhweru, lija la zala ziwiri limene Kamphepo ankaliza akafuna kupatsira.

"Nsanamiraaa! Nawo!"

Mpira unatuluka mumdima wa pakona uli chiwongolere, kulunjika pachifuwa, mmene Kamphepo yekha ankaponyera. Mutu unati zinda! Miyendo inati thawa! Koma manja a wosewera sapempha chilolezo kwa munthu. Phaa!

Mpirawo unali wofunda, ngati wangochoka m'manja mwa mnzake.

"Ndilibe jezi," anatero Nsanamira. "Ndawotcha."

Kudenga kunamveka phwete, kuseka kwa Chigongono kuja, kokhala ngati bulu watsamwa.

"Iwe chimlongoti iwe! Tinayamba ndi jezi ife? Pafumbi paja sitinkasewera mimba ili pamtunda? Vula malayawo, tachepa!"

Nsanamira anayang'ana chitseko. Chinali chotsegula, ndipo panja pankaoneka msewu wopita ku kachipinda kaja. Anayang'ananso mpira. Misozi ili chuchuchu, anayamba kumasula mabatani.

M'mawa mwake mayi wochapa anamupeza pabenchi, chifuwa chili pamtunda, manja ali tambasu. Zaka zonsezi mayiyo anali asanaonepo mano a bamboyu, koma tsiku limenelo anawaona onse: mtembowo unkamwetulira. Kudenga, pamene makwerero aliwonse safika, pambali pa majezi anayi aja, panali patapachikika malaya ake okolopera, akudontha. Tho! Tho!

Bwana atafika anayang'ana kumwamba, nasisita mimba. "Ulemu," anatero chapansipansi.

Loweruka timu inapambana moti otsutsana nawo anapempha madzi akumwa masewero asanafike pakati. Mayi wochapa anasiya ntchito sabata yomweyo. Wokolopa watsopano naye akudandaula kuti pansi pa holoyo sipauma, ndipo kuti dzuwa likamalowa amamva anthu akuluakulu akuseka ngati ana.

Nsanamira amamveka kwambiri kuposa onse.