Nyali Khumi ndi Ziwiri za Pabwalo Lopanda Kanthu

"Kodi nyali zonsezi zimaunikira ndani?" Anafunsa ndi a Gong, mlonda wokalamba wa bwalo losungirapo katundu, polandira fulasiki ya tiyi wa balere imene Mayi Bae ankawapatsira pampanda kukazizira.

Bwalolo linali lopanda kanthu, koma nyali zake khumi ndi ziwiri zinkayaka mpaka mbandakucha, ndipo munda wa Mayi Bae sunkaudziwa mdima. Chitowe chawo sichichita maluwa popanda usiku wautali. Zaka ziwiri chinangotalika, osabereka. Chaka chimenechi anafesa mbewu yomaliza, imene malemu amayi awo anawasiyira m'botolo.

A Gong anamwalira chisanu chisanathe. Fulasiki sinabwerere.

Kumapeto kwa Ogasiti, nyali yoyang'ana kumunda inazima pakati pa usiku. Mawa lake zinazima zitatu. Usiku wachitatu Mayi Bae ali chigonere anamva phazi likukwekwerezeka pamiyala, pang'onopang'ono, kenako kutsokomola kouma kumene ankakudziwa bwino. Kuwala kwa pakatani kunathima. Mdima unalowa m'nyumba, wandiweyani, ndipo nkhululu zimene zinakhala chete zaka ziwiri zinayamba kulira.

M'mawa Pyo, mlonda watsopano, anabwera pampanda kwa Mayi Bae, maso ali psuu.

"Amake Yeon-ju, musandinamize. Ndi inu? Abwana andichotsa ntchito."

"Ine? Ndi mawondo awa ndikwere mpanda?"

"Bokosi la masiwichi ndi lokhoma. Kiyi ndimagona naye m'thumba."

"Nanga kiyi winayo?"

Pyo anatsitsa mawu. "Sanapezeke. Akuti anapita kumanda m'jekete la mkulu uja, a Gong."

Kumsika ena ankati ndi makoswe, ena ankati alimi agwirizana. Amagetsi anabwera kawiri, osapeza vuto. Pyo anayesa kukhalira bokosilo usiku wonse. Kutacha anasiya yunifolomu pampando, ndipo sanauze munthu zimene anaona.

Mayi Bae sanasuzumire pazenera ngakhale kamodzi. Ankangogona chagada, n'kumamvetsera phazi lija likuyenda, nyali ndi nyali, mpaka yomaliza.

Patatha milungu itatu, chitowe chinayera ndi timaluwa. M'mawa umenewo anapeza fulasiki yawo itapachikidwa pampanda, pamalo pomwe ankapatsirana. Inali yotsukidwa bwino, mkati ndi kunja. Mame anali atanyowetsa waya yense, koma chogwirira chake chinali chouma, chofunda.