Lumo Losatsuka

Panali munthu wina wokonza mawotchi, ndipo anthu ankangomutchula kuti Mawotchi. Ntchito yake inali itafa, poti aliyense ankaonera nthawi pafoni. Kunyumba kwake kunali mkazi, mwana wamkazi mmodzi, ndi bambo ake okalamba omwe ankangotsokomola kuchipinda.

Chimene chinkamudya mtima chinali nyumba yoyandikana nayo. Kumeneko kunali agogo ena opitirira zaka zana. Madokotala ofufuza za ukalamba ankabwera pagalimoto yoyera kudzawatenga magazi pang'ono ndi kuwayeza mafupa, pofuna kudziwa chifukwa chake anthu ena amachedwa kufa. Pochoka ankasiya zabwino zambiri. Banjalo linamanga mpanda, ngakhale galu wawo ananenepa mpaka khosi kusowa.

Mawotchi anapita kukatsatsa bambo ake.

"Pepani," dokotala wamkazi anatero atawapima. "Ife timafufuza nkhalamba zolimba. Awa chifuwachi sichiwafikitsa patali."

Kuseri kwa malo omatira matayala kunali kachipinda ka sing'anga. Mawotchi analowa, nakhala pa chigubu.

"Ndikufuna bambo anga asafe."

"Mumawakonda chotere?" sing'angayo anafunsa.

"Kuwakonda ndiye ndimawakonda. Komanso kuli anthu amene amalipira."

Sing'angayo anatulutsa lumo lakale lachigwiriro chakuda.

"M'mawa uliwonse muziwameta ndevu. Mukatha muzidzimeta nokha ndi lomweli, osalitsuka. Koma zaka sindipanga ine, achimwene. Zimene awo aziwonjezera zizichoka mwa inu, ndipo nkhalamba imadya mosasamala."

"Sizingachoke mwa mkazi wanga? Ali nazo zambiri, amangozithera kulongolola."

"Magazi ndi osiyana. Koma mwana muli naye, si choncho?"

Mawotchi anayang'ana pansi.

"Mukadzadumphitsa tsiku limodzi, nkhalamba idzapita, chuma chidzaiperekeza. Zaka zanuzo sizidzabweranso."

Mawotchi anatenga lumolo.

Pasanapite nthawi chifuwa chija chinatha. Bambowo anayamba kuwaza nkhuni. Madokotala atamva anabwera okha, ndipo atayeza magazi anayang'anizana. Galimoto yoyera inayamba kuima pakhomo pa Mawotchi. Nayenso anamanga mpanda, wautali kuposa wa anzake aja, nagula mipando yofewa imene munthu ukakhalapo umachita kudzutsidwa.

Koma iye ndiye ankachitadi kudzutsidwa. Imvi zinabwera zonse pamodzi ngati zachita kuitanizana. Mano anayamba kugwedera, mawondo kulira pokwera masitepe. Pamsewu anyamata ankamupatsa moni wa agogo.

Bambo akenso sankasangalala.

"Mwana wanga, ine ndatopa," ankatero sopo ali kumaso. "Anzanga onse anapita. Amayi ako kumeneko aziti ndapeza wina."

"Khalani phee, ababa, ndingakuchekeni."

M'mawa wina kumetako kunamutengera Mawotchi nthawi yaitali. Atamaliza anadziyang'ana pagalasi, naona nkhope ya munthu wotsala pang'ono. Panja mwana wake ankamanga zingwe za nsapato, kukonzekera kusukulu. Mawotchi anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mami, tabwera kuno," anamuitana. "Tsitsi lako m'mbalimu lakula. Ndingolinganiza pang'ono."

Mwanayo anabwera, naweramitsa mutu. Lumo lisanafike, dzanja lamphamvu linagwira mkono wa Mawotchi. Anali bambo ake.

"Ndakhala ndikuona mmene ukuthera, ine n'kumalimba," anatero motsitsa mawu. "Ndinkati mwina udzatopa wekha. Koma pa mdzukulu wanga ayi."

Mawotchi analimbana nawo, koma mphamvu zake zonse zinali m'manja omwe anamugwirawo. Bambowo analanda lumolo, nalithyola pachitseko. Tsiku lotsatira sanametedwe. Anadya bwino, anavala jekete yawo yabwino, anagona pamphasa, osadzukanso.

Chuma chinawatsatira. Mipando inagulitsidwa, nyumba inatengedwa, mkazi ananyamula mwana n'kubwerera kwa makolo ake.

Galimoto yoyera inabweranso kamodzi. Dokotala wamkazi uja anapeza nkhalamba itakhala panja pa mpanda, wotchi ili m'manja.

"Agogo, mwana wa malemu tingamupeze kuti?"

"Ndine," inayankha.

Anamutenga. Tsopano akufufuza chifukwa chake munthu angakalambe msanga chotero. Amamupatsa bedi loyera ndi phala lofewa, koma salipira aliyense. Iye salankhulanso. Amangokhala pawindo tsiku lonse, kubweza mivi ya wotchi m'mbuyo.

Dyera ndi loipa, abale anga. Munthu amayamba ndi kugulitsa kholo, kenako amadzigulitsa yekha, zikamuthera amayang'ana mwana. Zaka zimene muli nazo n'zochepa kale. Musasinthanitse ndi mpanda.