Nsanamira Zofiira

Denga la konkire la sukulu ya mkaka yomwe inkamangidwa kuseri kwa msika linagwa Lachiwiri m'mawa, amisiri atangochotsa mitengo yochirikiza. Linaphwanya mwendo wa mmisiri mmodzi, ndipo kuchipatala anachita kuudula. Mwayi wake ana anali asanayambe kuphunziramo.

Sajeni wa polisi yofufuza milandu anafika fumbi lili koboo. Anali munthu wamfupi, wosakonda kufunsa chinthu kawiri. Anakankha nsanamira yothyoka ndi nsapato. Inali ya njerwa zokhazokha, yopakidwa pulasitala mokongola, koma mkati munalibe chitsulo ngakhale chimodzi.

"Zitsulo zomwe mwini sukulu anagula zili kuti?" anafunsa Sajeni.

Kontilakitala yemwe ankamanga sukuluyo anatambasula pulani pa boneti ya galimoto yake.

"Bwana, ine ndimamanga zomwe zili papepala. Onani nokha. Nsanamirazi anazidzaza mtundu wofiira wa mizeremizere, ndiye kuti njerwa. Akanafuna konkire akanadzazamo wotuwa wa madonthomadontho. Zitsulozo ndinaona kuti zatsala, ndiye kaya anyamata anaziika kuti."

Pulani yomwe khonsolo inavomereza inali ndi nsanamira zotuwa. Ya kontilakitala inali ndi zofiira. Pansi pa mapepala onse awiri panali dzina la wojambula mmodzi, ndipo pofika masana mayi ameneyo anali m'chitokosi.

Kuntchito ankamutcha Nautoto, chifukwa mapulani ake sankasowa mtundu. Ankagwira ntchito mu ofesi ya malume ake, omwe aliyense ankangowatcha Madala. Ndi amene anamulera mayi ake atamwalira, ndiponso ndi amene anamuphunzitsa kujambula. Nautoto anali ndi mwana wamkazi wa kupulayimale, ndipo iye atangomangidwa Madala anamutenga mwanayo kukakhala kwawo.

Lachinayi Madala anabwera kupolisi ndi kontena ya chakudya.

"Limba mtima, mwanawe. Loya ndamupeza. Akuti ungovomera kuti dzanja linaphonya, unadina mtundu wolakwika. Chilango chikhala chochepa."

"Koma malume, ine sindikukumbukira kuti ndinasintha."

"Kompyuta ndi yako, dzina ndi lako. Ukakana, akukanikiza zenizeni. Ganizira mwana."

Nautoto anaganiziradi mwana. Anayamba kudzikayikira, ndipo kutacha anauza Sajeni kuti avomera.

Sajeni sanakondwe. Munthu wovomera mlandu womwe sakutha kufotokoza ankamunyansa kuposa wokana.

"Mayi, musanavomere, mukandionetse momwe dzanja limaphonyera. Ine za makompyutazi ndine mbuli."

Ofesiyo inali pamwamba pa sitolo ya matayala. Munali madesiki anayi, makina osindikizira mapepala akuluakulu, ndi fani yomwe inkangolira osatulutsa mphepo. Madala anali atapita kubanki. Ojambula ena awiri, wandevu ndi wamagalasi, anaweramira pa makompyuta awo ngati anthu olimbikira ntchito kwambiri.

Nautoto anatsegula pulaniyo.

"Nsanamira iliyonse imayamba ngati kabokosi kopanda kanthu, Bwana. Ndimakadina, kenako ndimasankha mtundu ndi mizere yodzaza mkatimo. Womanga akaona amadziwa chogwiritsa ntchito."

Anakuza nsanamira imodzi mpaka inadzaza sikirini yonse. Dzanja lake linaima. Anayang'anitsitsa, milomo ili yasa, kenako anabweza chithunzicho msangamsanga.

"Mwaona chiyani, Mayi?"

"Palibe, Bwana."

"Bwezerani pomwe paja."

Sajeni anasuzumira. Pa makoma onse a njerwa, mizere yofiira inkapendekera kumanja. Pa nsanamira zokha inkapendekera kumanzere.

"Iyi bwanji yayang'ana kwayokha?"

Nautoto anayang'ana kumbali. Chibale ndi fupa, sichiola. Wamagalasi ndiye anayankha, maso ali pa kompyuta yake.

"Pulogalamuyi payokha imapendeketsa kumanja, Bwana. Kuti ipite kumanzere, munthu amachita kuitembenuza."

"Amatembenuza ndani muno?"

Wamagalasi anapeza kuti nsapato yake yamasuka chingwe. Wandevu anakumbukira kuti ali ndi ludzu.

Sajeni anayendayenda mu ofesimo, manja ali kumbuyo. Kukhoma, kuseri kwa desiki yayikulu, kunali mapulani akale a m'mafulemu, ojambulidwa pamanja ndi inki makompyuta asanabwere. Anaima pamenepo nthawi ndithu. Kenako anakoka mpando n'kukhala.

Madala atalowa n'kuona mwana wa mlongo wawo ali ndi wapolisi, anamwetulira mokakamiza.

"Bwana Sajeni, bwanji osandiimbira? Ndikanakukonzerani tiyi."

"Tiyi tidzamwa. Ndikufuna ndimvetse kadzazidwe ka njerwa, koma ana anuwa akundizunguza mutu. Mundionetse ndinu mwini ntchito."

Palibe mmisiri wakale amene amakana kuonetsa luso. Madala anakhala pa kompyuta ya Nautoto, ndipo mawu achinsinsi otsegulira anawalemba osafunsa munthu. Anasuntha mausi kuchoka kumanja kupita kumanzere kwa kiyibodi. Anajambula kabokosi, anasankha mtundu wofiira, anasankha mizere. Kenako, pakamwa pali pa nkhani ya ana a masiku ano osadziwa kugwira pensulo, chala chinapita chokha n'kutembenuza mizereyo kuti ipendekere kumanzere.

"Mwatembenuziranji?" anafunsa Sajeni.

"Ine ndine wamanzere, Bwana. Pamanja ndinkajambula chonchi, ndiye ikayang'ana kwinaku imandisokoneza ma—"

Mawu anathera pomwepo. Sajeni anatsegula pulani ya sukulu ija pambali pa kabokosiko. Mizere ya nsanamira ndi ya kabokosiko inkapendekera mbali imodzi.

Kontilakitala anagwidwa madzulo a tsiku lomwelo, ndipo sanachedwe kuulula. Anati anagwirizana ndi Madala kuti pulani ikatuluka ku khonsolo asinthe nsanamira, zitsulo ndi simenti agulitse. Madala anasintha Loweruka, pa kompyuta ya Nautoto, mwini wakeyo atapita ndi mwana kuchipatala. Zitsulo zina apolisi anazipeza kwa wogulitsa zipangizo zomangira. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma apa wamkulu anadya yekha n'kufuna kuti zipote mwana. Nautoto anamasulidwa, ndipo khoti linadzalamula Madala ndi kontilakitala kukagwira ukaidi.

Koma zomwe ojambula aja amakambabe ndi za masana amenewo, pamasitepe otsikira ku sitolo ya matayala. Madala ali mu unyolo anatembenukira Nautoto, misozi ili m'maso.

"Sindinkafuna kukupweteka, mwanawe. Ndimati iwe ndiwe mzimayi, mlandu woyamba, akumvera chisoni. Ine pa msinkhu wangawu kundende ndikafera komweko. Mwana ndikanakusamalirira bwinobwino."

Nautoto anali asanalirepo chimangidwire. Apa mtima unamuwawa kwambiri, chifukwa anazindikira kuti akanapanda Sajeni, akanapita kundende akuwathokozabe malume akewo.

"Malume, ndinaona mizere ija ndisanauze munthu. Ndinakhala chete."

"Ndinadziwa kuti sungandinene."

"N'chifukwa chake munasankha kompyuta yanga?"

Madala anayang'ana pansi. Sajeni anawagwira pamkono n'kutsika nawo.